Mitsinje inayi m'masiku awiri: lipoti la ulendo wathu wa ku dziko lakale la a Muscogee

Inu amene munatsala chifukwa cha mashifiti ndi ana, nali lipoti lija mwakhala mukufunsa pa gulu lathu la Amalawi a kuno ku Atlanta. A wapampando anati ndilembe ine poti nkhani yonseyi inayambira kunyumba kwanga. Mwana wanga wamkazi ali giredi 8, chaka chimene ana a kuno amaphunzira mbiri ya Georgia, chigawo cha America chimene tikukhalamo. Tsiku lina akulemba homuweki anandifunsa kuti, "Amayi, ngati boma linasaina kuti malo ano ndi a anthu a mtundu wa Creek, nanga ifeyo tikupezeka bwanji pano?" Ine zaka 11 ndili mu Atlanta muno, mtsinje wa Chattahoochee ndimauwoloka popita kuntchito, koma kukamwa kunangoti yasa. Nditaitula pa msonkhano wa mwezi watha, zinapezeka kuti umbuliwu n'ngwa tonse, kupatula Aphunzitsi, bambo ake a msungichuma wathu, amene anabwera kudzaona zidzukulu. Iwowa anaphunzitsa mbiri ku sekondale kwathu mpaka kupuma, ndipo miyezi imene akhala kuno yathera mu laibulale. Ndiwo anajambula njira: tiyambire kum'mawa, tilowere kumadzulo, tiwoloke Oconee, Ocmulgee, Flint ndi Chattahoochee, chifukwa uliwonse mwa mitsinje imeneyi unakhalapo malire pakati pa Azungu ndi eni dziko.

Tinalipo anthu 14, anayi mwa iwo ana, m'mavani awiri obwereka. Tinapangana 6 koloko m'mawa wa Loweruka. Tinanyamuka 7:40. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Mu vani yathu Aphunzitsi anayamba kalasi tisanatuluke n'komwe mu msewu waukulu wa I-20. Dzina loti Creek, anatero, anawapatsa ndi amalonda achingerezi. Eni ake amadzitcha a Muscogee. Sanali ufumu umodzi wa mfumu imodzi ayi. Unali mgwirizano wa midzi ikuluikulu yambirimbiri, ina m'mbali mwa mitsinje ya Coosa ndi Tallapoosa ku Alabama wa lero, ina m'mbali mwa Chattahoochee ndi Flint. Mudzi uliwonse unali ndi bwalo lake, moto wake ndi mfumu yake yotchedwa mico, ndipo mfumuyo sinkalamula, inkanyengerera. Atafika ponena kuti mwana ankatenga fuko la amayi ake, kuti womulanga ndi kumulangiza anali atsibweni ake, kuti nyumba ndi munda zinali za mkazi ndipo mwamuna ankachita kupita kwa mkaziyo, mu vani munabuka phokoso. "Aa, si Achewa amenewa!" anakuwa mayi wina wa ku Dedza. Achimwene a ku Mzimba amene amayendetsa anangopukusa mutu, nati iwo za chikamwini asaziyambe m'mawa uno.

Tinaseka, komatu mfundo imeneyi ndi imene inatitsegulira nkhani yonse. Munthu amene anatsogolera a Creek pokambirana ndi boma latsopano la America anali Alexander McGillivray. Dzinalo n'la ku Scotland, kwa bambo ake, Lachlan, amene ankachita malonda a zikopa za agwape. Koma amayi ake, Sehoy, anali a fuko la Mphepo, fuko lolemekezeka kwambiri pakati pawo. Kwa Mzungu, uyu anali mwana wa Mzungu mnzake, wodziwa kulemba makalata achingerezi chakupsa. Kwa a Creek anali mwana wa mbumba yawo, basi. Bambo ndi wobwera. Ife izi sitinafune kuti wina atimasulire.

Tinafika ku Milledgeville cha m'ma 10 koloko n'kutsikira ku kapaki kam'mbali mwa Oconee. Mtsinjewo si waukulu, sufika pa Shire, madzi ake n'ngofiirira, oyenda mwaulesi. Panali bambo wina akuwedza ndi mbedza, osatilabadira. Aphunzitsi anatiimika moyang'ana tsidya n'kunena kuti, "Uko ndi Georgia. Pamene mwaimapa, mu 1790, mukanafunika pasipoti." Tinayesa nthabwala. Adikire kaye, anatero, ayambe ndi mmene zinafikira pamenepo.

Nkhondo ya ufulu wa America itatha, pangano la ku Paris la 1783 linapereka dziko lonse mpaka ku mtsinje wa Mississippi kwa dziko latsopanoli, osatchulamo ngakhale liwu limodzi za eni nthaka, ngakhale aja anathandiza Britain. Boma lalikulu linali lofooka, lopanda ndalama, choncho Georgia inkangochita zake. Inaitana mafumu ochepa, makamaka ya ku Tallassee ndi ya ku Cusseta, n'kusainirana nawo mapangano atatu otsatizana: ku Augusta mu 1783, ku Galphinton mu 1785, ndi ku Shoulderbone mu 1786, kumene asilikali anali atazungulira ndipo anthu ena anawagwira ngati chikole. McGillivray ndi midzi yambiri anakana zonsezo. Mfundo yawo inali yoti mafumu awiri sangagulitse malo osakako nyama a mtundu wonse. Iye anali atapangana kale ndi Spain ku Pensacola mu 1784, ndipo mfuti ndi wonga zinkabwera kuchokera kumeneko. Atsamunda akamanga tsidya lino kapena m'malo okanganirana, ankawotcheredwa nyumba, iwonso n'kubwezera. Zaka zingapo m'mbali mwa mtsinje umenewu munalibe kugona tulo.

George Washington atakhala pulezidenti mu 1789 anaipeza nkhaniyi ili patebulo. Nduna yake ya zankhondo, Henry Knox, inalangiza kuti mitundu imeneyi ili ndi ufulu pa nthaka yawo poti ndi imene inayamba kukhalapo, ndi kuti wochita nayo mapangano akhale boma lalikulu, osati zigawo monga Georgia. Sikuti unali ufulu wa mtima wokha ayi: asilikali anali ochepa, thumba linali lobooka, ndipo nkhondo ndi a Creek ikanakokera Spain m'kati. Pa 22 Ogasiti 1789 Washington anapita yekha ku nyumba ya malamulo ya Senate kukapempha maganizo pa za mitundu ya kumwerayi. Aphungu anati nkhaniyi ipite kaye ku komiti. Mkuluyo anapsa mtima. Anabwerera Lolemba lake kukamaliza, koma sanadzapitenso yekha kukafunsa nzeru za pangano lililonse. A wapampando athu anamva zimenezi n'kuti akumumvetsa bwino kwambiri.

Mwezi wotsatira nthumwi zitatu, Benjamin Lincoln, Cyrus Griffin ndi David Humphreys, zinafika pa Rock Landing, kumunsi pang'ono kwa pamene tinaima. Zinabwera ndi pangano lolemberatu, lofuna kuti a Creek angovomereza zonse zimene Georgia inalanda. McGillivray anamva, anakangana ndi Humphreys, kenako anangolongedza n'kumapita. M'kalata ina anamutcha Humphreys kagalu.

Apa m'pamene Washington anasintha njira. Anatuma Marinus Willett, msilikali wakale, kuti apite mpaka kumudzi kwa McGillivray akamuitane ku New York, limene linali likulu pa nthawiyo. Mu Julayi 1790 mafumu oposa 20 anafika kumeneko, atayenda pa ngolo ndi pa mahatchi kudutsa Richmond ndi Philadelphia. Anawalandira ndi mizinga, maphwando ndi chinamtindi cha anthu m'misewu. Pa 7 Ogasiti anasaina, ndipo pa 13 Ogasiti ku Federal Hall panganolo linawerengedwa pagulu, Washington n'kupereka mkanda ndi fodya monga chizindikiro cha mtendere.

Aphunzitsi anali atasindikiza panganolo pa mapepala, ndipo anatiwerengera ndime ndi ndime, akumasulira m'Chichewa, ana atakhala pa udzu. A Creek anavomera kusiya malo a kum'mawa kwa Oconee, amene atsamunda anali atadzazamo kale, ndi kukhala pansi pa chitetezo cha America yekha. Malo a kumwera kwa mtsinje wa Altamaha, amene Georgia inkati inagula ku Galphinton, anabwerera kwa eni ake. Boma linalonjeza madola 1,500 chaka chilichonse. Ndime yachisanu ndi imene mwana wanga ankafunsa: boma likutsimikiza mwalumbiro kuti malo onse a kumadzulo ndi kumwera kwa malirewo ndi a mtundu wa Creek. Yachisanu ndi chimodzi imati nzika ya America ikakamanga kumeneko, boma lasamba m'manja, a Creek ailange mmene angafunire. Yachisanu ndi chiwiri ndi ya pasipoti ija: palibe kulowa m'dziko la a Creek popanda chiphaso. Tangoganizani, gulu la anthu amene tinafolapo mizere ya viza ku Lilongwe, amene ena mpaka lero tikudikira mapepala, kumva kuti Mmerika ankafunika chiphaso kuti aime pamene taima ifepa. Mlongo wathu wina anaseka mpaka misozi.

Kuseka kunatha pa ndime yachitatu, imene Aphunzitsi anaisungira dala kumapeto. Imalamula a Creek kubweza onse amene anawagwira pankhondo, Azungu ndi anthu akuda omwe. Anthu akudawo anali akapolo, ena ogwidwa, ena othawa okha m'minda ya ku Georgia. Mnyamata wa a msungichuma, wa zaka 16, anafunsa kuti, "Agogo, ndiye kuti mtendere wawowo unali wotibweza ifeyo ku unyolo?" Aphunzitsi sanazembe. Anati inde, ndipo McGillivray mwiniyo anali ndi akapolo ambiri m'minda yake. Mnyamatayo anabwera ali ndi mbali yake kale, ndipo ndinaona kuti zamusokoneza. Sanayankhulenso mpaka pa nkhomaliro.

Kanthu kena kamene ine kanandigwira kali kumunsi kwa pepala. McGillivray analemba dzina lake, mafumu ena onse anaika mtanda. Pamndandanda wa mboni palinso womasulira, Joseph Cornell, ndipo nayenso anaika mtanda. Munthu amene mawu onse a panganolo anadutsa pakamwa pake sankatha kuliwerenga pepalalo.

Mkangano weniweni unabuka tikudya mpunga ndi nkhuku pa mabenchi a pakiyo. Panganolo linali ndi ndime zina zachinsinsi. McGillivray anapatsidwa udindo wa Brigadier General ndi malipiro a madola 1,200 pachaka. Mafumu asanu ndi imodzi analonjezedwa madola 100 aliyense pachaka. Panalinso chilolezo cholowetsa katundu wa madola 50,000 pachaka popanda msonkho ngati nkhondo itatseka njira ya ku Florida, komanso lonjezo lophunzitsa anyamata anayi. Mayi wa ku Dedza uja anawerengetsa pa zala: mtundu wonse 1,500, munthu mmodzi 1,200. "Chimenechi kwathu timati chiphuphu," anatero. Achimwene a ku Mzimba anakana. Anati munthuyo analibe gulu lankhondo lofanana ndi la adani ake, chuma chake chinali lilime ndi cholembera, ndiye anachita bwino kudyera uku ndi uku, pakuti ku Spain nakonso ankalandira. Aphunzitsi anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Ine pamenepo ndinasiyana nawo, ndipo ndikusiyana nawobe. Phanga limodzi likanamuvumbwitsa msanga. Nthawi yonse imene Spain inali ku Florida ndi ku New Orleans, a Creek anali ndi poopsezera, ndipo n'chifukwa chake Washington anawaitana ku New York m'malo mowatumizira asilikali. Cholakwa chimene ine ndikuchiona n'china: McGillivray anakana mapangano a Georgia ponena kuti anasainidwa ndi anthu ochepa kumbali, kenako iye mwini anakasaina lake kutali ndi kwawo, kopanda bwalo, ndime zina atazibisa m'thumba. Atabwerera anthu ambiri, makamaka a midzi yakumunsi imene inataya malo osakako, sanakondwe. Mzere wa malire, umene panganolo linati ulambulidwe pogwetsa mitengo mulifupi mwake mapazi 20, unachedwa zaka. Mu 1792 anapangananso ndi Spain ku New Orleans, ndipo pa 17 Febuluwale 1793 anamwalira ku Pensacola.

A ku Georgia nawonso anakwiya nalo panganolo, ati boma lawagulitsa. Kalembera wa 1790 anapeza anthu 82,548 mu Georgia. Pofika 1800 anali atapitirira 162,000. Mu 1793 kunatulukira makina ochotsera njere za thonje, ndipo nthaka inasanduka golide. Mu 1794 Elijah Clarke, ngwazi ya nkhondo ya ufulu, anawoloka Oconee ndi anthu ake n'kuyamba kumanga kadziko kakekake tsidya la a Creek, mpaka anachita kuchotsedwa ndi asilikali. Tauni ya Milledgeville imene, ili kumadzulo kwa mtsinje, mbali imene boma linalumbira kuti ndi ya a Creek. Inakhazikitsidwa mu 1803, patangopita zaka 13, ndipo chaka chotsatira inasankhidwa kukhala likulu la Georgia. Malowo anawagawa kwa Azungu mwa maere, munthu aliyense maekala 202 ndi theka.

Kuchoka apo kukafika ku Macon sipatenga ola. Ku Ocmulgee Mounds kulowa n'kwaulere, a msungichuma anapuma mpweya wabwino. Ndikuuzeni, amene simunafikeko, tengani ana mupite, n'pafupi. Pali zitunda zikuluzikulu zimene anthu anaunjika ndi madengu a dothi zaka pafupifupi chikwi zapitazo. Chachikulu n'chotalika mapazi 55. Tinakwera masitepe, ena tikupuma kawiri panjira, ndipo pamwamba pake umaona mtsinje, nkhalango ndi nyumba zosanja za Macon.

Koma chimene sindidzaiwala ndi nyumba yadothi ya bwalo. Kunja imaoneka ngati chulu chophuka udzu. Khomo lake n'lalifupi, umalowa chowerama m'kanjira kopapatiza, ngati ukulowa m'khola la mbuzi. Achimwene a ku Mzimba anagunditsa mutu ngakhale tinawachenjeza. M'kati n'mozizira, mwa mdima pang'ono. Denga analimanganso m'zaka za m'ma 1930, koma pansi pake, pamene anatchinga ndi galasi, ndi penipeni, pozira pa m'ma 1015. Ndi dothi lotsendereka bwino ngati pakhonde pa agogo pozira kumene. Pakati pali dzenje la moto. Kutsata khoma mozungulira muli mipando 47 youmba ndi dothi lomwelo, uliwonse wokwererapo pang'ono kuposa unzake, ndipo moyang'anizana ndi khomo pali nsanja youmbidwa ngati mbalame yolusa, yokhala ndi mipando itatu. Yonse pamodzi 50. Ana anawerenga kuti atsimikize. Mwana wanga anaima nthawi yaitali, mphuno pagalasi, kenako anandinong'oneza kuti, "Ndiye ku New York kuja mipando yambiri inali yopanda anthu eti?" Zaka zake zinasokonekera, pakati pa nyumbayi ndi McGillivray pali zaka mazana asanu ndi awiri ndi kanthu, koma a Muscogee amati kuno n'kumene makolo awo anakhazikika, ndipo chimene mwanayo ankatanthauza ndinachimva.

Panja, Aphunzitsi anapitiriza mofulumira chifukwa dzuwa linali litapendeka. Mu Juni 1796 ku Colerain, m'mbali mwa mtsinje wa St. Marys, boma linakumananso ndi mafumu a Creek, ulendo uno mazana angapo a anthu alipo, nthumwi za boma zikutsogoleredwa ndi Benjamin Hawkins, Andrew Pickens ndi George Clymer. Pangano la ku New York linatsimikizidwa, a Creek analola kuti boma limange masitolo ndi malinga a asilikali m'dziko mwawo, koma anakanitsitsa kugulitsa malo ena. Nthumwi za Georgia zinabwerera chimanjamanja zikutukwana. Kwa ine apa ndi pamene boma lalikulu linayandikira kwambiri kusunga mawu ake. Zinatembenuka mu 1802. Georgia inapereka kwa boma lalikulu malo ake a kumadzulo, amene lero ndi Alabama ndi Mississippi, posinthana ndi madola 1.25 miliyoni ndi lonjezo loti boma lidzachotsa umwini wa eni nthaka m'Georgia monse. Boma lomwelo, malonjezo awiri otsutsana. Chaka chomwecho ku Fort Wilkinson malire anasuntha, ndipo mu 1805 ku Washington anafika pa Ocmulgee. A Creek anaumirira chinthu chimodzi: kachigawo ka mamailosi atatu mulifupi, asanu mulitali, pamene pali zitundazi, kakhale kawo. Mu 1806 boma linamangamo Fort Hawkins. Pambuyo pake njanji inadula pakati pa malowa kawiri, mu 1843 ndi m'zaka za m'ma 1870, n'kugumula mbali ya chitunda cha manda. Sitima imadutsabe, ife tili pompo inadutsa ya katundu.

Za usiku ndingonena mwachidule. Tinagona pa motelo ina kunja kwa Macon. Mayi wina, amene amati sagona osadya nsima, anabwera ndi kachitofu kamagetsi m'chikwama. Utsi wa ndiwo unadzutsa alamu cha m'ma 9 koloko, alendo onse anatuluka ndi matawulo, ndipo a wapampando anapepesa m'Chingerezi chimene sindinawamvepo chiyambire. Nsimayo tinadya ndithu, inali bwino.

Lamlungu tinalowera kumadzulo pa msewu wa 80. Pafupi ndi tauni ya Roberta, m'mbali mwa Flint, ndi pamene Benjamin Hawkins anakhala monga woimira boma pakati pa a Creek, ndipo anafera komweko mu 1816. Ntchito yake inachokera pa ndime ya 12 ya pangano la ku New York lija, yolonjeza ziweto ndi zipangizo zaulimi kuti anthuwa asiye ulenje akhale alimi. Amayi a mu vani yathu anadabwa: alimi ati, poti akazi a Creek anali akulima chimanga, nyemba ndi maungu kwa zaka mazanamazana? Ankaphika ngakhale chakumwa cha chimanga chothira madzi a phulusa, chidulo chenicheni. Aphunzitsi anati cholinga chinali choti mwamuna agwire pulawo pa munda wakewake, mkazi alowe m'nyumba aziwomba nsalu, ndiye nkhalango yonse yosakako nyama ioneke ngati yotsala, yoyenera kugulitsa.

Apa bambo wina wa ku Thyolo, amene ulendo wonse anali chete, anatsegula pakamwa. Anati iwo anakulira m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, ndipo agogo awo ankanena za mafumu amene analandira nsalu ndi mikanda osadziwa kuti pepala limene aikapo chizindikiro likutanthauza kugulitsa. Aphunzitsi anavomereza kuti Harry Johnston ndi Alfred Sharpe anayenda ndi mapepala a mapangano kwa mafumu a kwathu cha m'ma 1889 ndi 1890, ndi kuti ziphaso za umwini wa malo zimene Johnston anapereka kwa Azungu pambuyo pake ndi zimene zinabala maesiteti ndi thangata. Koma anachenjeza kuti tisafananize zonse. Kwathu Azungu anali ochepa ndipo ife tinatsala pa nthaka yathu. Kuno anabwera ngati dzombe.

Flint tinamuwoloka osaima. Anakhala malire mu 1821, pa pangano loyamba la ku Indian Springs, ndipo pangano limenelo ndi limene linapereka nthaka imene pali Atlanta lero. Ndinatembenuka kumuuza mwana wanga kuti yankho la funso lake ndi limeneli. Anali m'tulo.

Ku Indian Springs sitinafikeko, chifukwa cha ola ndi mphindi 40 zija za Loweruka, ndipo ine zinandiwawa. Kumeneko mu Febuluwale 1825 William McIntosh, mfumu ya ku Coweta, msuweni wa bwanamkubwa wa Georgia George Troup, anasainira malo onse otsala mu Georgia pamodzi ndi anthu ochepa omutsatira, ngakhale khonsolo ya mtundu wonse inali itakhazikitsa lamulo loti wogulitsa malo popanda chilolezo aphedwe. Pa 30 Epulo chaka chomwecho anamuzinga kunyumba kwake m'mbali mwa Chattahoochee n'kumupha. Pulezidenti John Quincy Adams anavomera kuti panganolo linali lachinyengo, ndipo mu 1826 linafafanizidwa n'kulembedwa lina. Koma linalo linatengabe pafupifupi malo onse mpaka ku Chattahoochee. Tinawoloka mtsinje wachinayiwo pa Columbus, nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Malo omaliza anali Horseshoe Bend ku Alabama, kumene mafoni athu anabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, a wapampando n'kunena kuti ngongole ya Loweruka yabwezedwa. N'kumalo kwa zii, mtsinje wa Tallapoosa utapinda ngati nsapato ya hatchi yachitsulo ija, udzu wotchetcha bwino. Pofika 1813 a Creek anali atagawikana okhaokha, ena otsata njira ya Hawkins, ena oikana, otchedwa Red Sticks chifukwa cha zibonga zawo zofiira. Pa 27 Malichi 1814 Andrew Jackson anafika ndi asilikali pafupifupi 3,300, pakati pawo a mtundu wa Cherokee ndi a Creek ena, McIntosh ali momwemo. Amuna pafupifupi 1,000 otsogoleredwa ndi Menawa anali kuseri kwa linga la zipika. Oposa 800 anafa tsiku limenelo. Pamene panali lingalo anazikapo timitengo toyera, ndipo tinayenda kutsata mzerewo popanda woyankhula. Pa 9 Ogasiti, ku Fort Jackson, Jackson anasainitsa pangano lolanda maekala pafupifupi 23 miliyoni, ndipo ambiri mwa amene anawakakamiza kusaina anali omwe anamuthandiza pankhondo. A msungichuma anatulutsa foni n'kuwerengetsa: malo amenewo ndi pafupifupi Malawi yense mutachotsa nyanja.

Zotsatira zake ana akuzidziwa kuposa ife: lamulo losamutsa anthu la 1830, pangano la Cusseta la 1832, ndi ulendo wa misozi wa 1836 ndi 1837 wopita ku Oklahoma, kumene likulu lawo lero analitcha Okmulgee pokumbukira mtsinje uja. Tikubwerera ku mavani, Aphunzitsi anatiuza kuti pa 9 Julayi 2020 khoti la Supreme, pa mlandu wa McGirt, linagamula ndi oweruza asanu kwa anayi kuti malo amene a Muscogee analonjezedwa ku Oklahoma sanathetsedwe ndi nyumba ya malamulo, ndipo pa milandu ikuluikulu akadali dziko lawo. "Mlandu suwola," anatero akumwetulira. Mayi wa ku Dedza anawayankha kuti, "Aphunzitsi, umenewo ndi wa ku Oklahoma. Nanga wa ku Oconee uja?" Anakangana mpaka ku LaGrange, ife ena tikuwodzera.

Tinafika mu Atlanta 8 koloko usiku. Pa madola 70 amene wamkulu aliyense anasonkha patsala madola 46, a msungichuma ali ndi malisiti onse ndipo adzawaonetsa pa msonkhano wa mwezi uno. Pali maganizo oti chaka chamawa mu Seputembala tidzapite ku chikondwerero chimene chimachitika ku Ocmulgee, pamene a Muscogee eni ake amabwera kuchokera ku Oklahoma, chifukwa ulendo uno nkhani yawo tinaimva kwa Aphunzitsi, m'mapepala ndi pa zikwangwani, osakumana ndi mmodzi yemwe wa iwo. Aphunzitsi akubwerera kumudzi pa 20, ndiye ofuna makope a pangano lija awaone asananyamuke. Amene anatenga chivundikiro cha poto wanga wamkulu uja abweretse Lamlungu kutchalitchi.